Msewu m'Mutu mwa Pulofesa Nabeshima

A Tadao Hoshikawa sadziwa kemisitiri, ndipo sananamizepo munthu kuti amaidziwa. Chimene amadziwa ndi mitu. Babashopu yawo ili m'munsi mwa chitunda cha yunivesite, pakati pa okonza njinga ndi kanyumba kogulitsa supu. Sizasi anailandira kwa malemu bambo awo asanakwatire n'komwe, ndipo lero imvi zili mbuu akumetabe anthu otsika pachitundapo.

Yunivesiteyi mbiri yake ndi kemisitiri, moti mukawaputa a Tadao amakutchulirani akatswiri ake ngati osewera mpira. Pali Pulofesa Isozaki, mayi wa mabatire osatha moto msanga, amene amadulitsa tsitsi maso ali papepala. Pali Pulofesa Kumagai wa utoto wowala mumdima, amene tsiku lina anabwera nsidze imodzi itapsa n'kupempha kuti inzakeyo aifananitse. Koma wa pamtima pawo ndi Pulofesa Nabeshima, amene anatulukira kaufa kena kotuwa kofulumizitsa ntchito yopanga mankhwala. Pulofesayo anawafotokozerapo kangapo mmene kaufako kamagwirira ntchito. A Tadao ankangovomera ndi mutu, chomwe anatolapo n'chakuti mankhwala amene akazi awo amamwa chifukwa cha mtima anadutsa mmenemo. Kwa iwo zimenezo zinali zokwanira.

Chaka chilichonse mu Okutobala, tsiku lolengeza mphoto yaikulu ya ku Sweden, yunivesite imakonza holo. Amaikamo maluwa, atolankhani amadzaza ndi makamera awo, ndipo a Nabeshima amawakhazika kutsogolo kuti adikire, poti dzina lawo limatchulidwatchulidwa m'manyuzipepala. Mmawa wa tsiku limenelo amayamba adzera kwa a Tadao. Zakhala choncho kwa zaka zambiri ndipo mphotoyo siinabwerebe. A Tadao sanataye mtima. Khumbo lawo linali limodzi, loti tsiku lina dziko lonse lidzaone pa kanema mutu wometedwa ndi manja awo.

"Mphotoyi ili pa mpikisano ndi dazi," ankatero akazi awo, a Fumie, "ndipo dazi ndi limene lili patsogolo."

Sankanama. Tsitsi la paliwombo la pulofesa linkachepa chaka ndi chaka, koma a Tadao ankalisamala ngati ndiwo za alendo, kulipesera uku ndi uku mpaka pagwa ulemu.

Chomwe sankafuna kukamba ndi dzanja lawo lamanja. Chiyambire nyengo yozizira yapitayo linkanjenjemera lokha, nthawi zina n'kudumpha ngati laboledwa. A Fumie anazindikira ndi madontho a tiyi pathebulo. Atafunsa, a Tadao anati ndi chisanu, koma chilimwe chinabwera n'kupita dzanja likuvinabe.

Chaka chino, mmawa wa tsikulo, a Nabeshima analowa atavala suti yakuda, nakhala pampando wawo wa nthawi zonse.

"Lero ndi lero, aphunzitsi."

"Mumatero chaka chilichonse, bambo Hoshikawa. Inu mukanakhala mu komiti ija bwenzi ndili nazo zambirimbiri."

"Sakundiitana. Akuopa."

A Tadao anawafunditsa thaulo lotentha kumaso ndipo, monga mwa chizolowezi, pulofesa anayamba kuwodzera. Ntchito ya sizasi inayenda bwino. Kunatsala kusalaza m'khosi ndi mashini. A Tadao anapuma mozama, nayatsa mashini, nawagunditsa pankhongo. Pomwepo dzanja linadumpha. Mashini anakwera chitunda osaima mpaka paliwombo, n'kusiya msewu woyera, wotambalala ngati zala ziwiri, wodutsa pakati penipeni pa katsitsi kaja ankakasamala.

Pulofesa ankaliza mkonono pang'onopang'ono.

A Tadao anayesa kupesera tsitsi la m'mbali kuti likwirire, koma linali lochepa, silinafike. Anawasisita mapewa nthawi yaitali kuposa masiku onse, mutu uli balala. Kenako inafika nthawi ya kagalasi ka m'manja koonetsera kumbuyo, kamene wometa aliyense waulemu wake sangakadumphe. Anakagwira mopendeka, nakaonetsa khutu lamanzere ndi kachigawo ka khosi.

"Zili bwino ngati nthawi zonse," anatero pulofesa akuyasamula.

Apa ndiye panali poyankhula. Koma a Tadao anangobwezera kagalasiko pamalo pake. Munthu akupita kukakhala pamaso pa makamera, mtima uli m'mwamba kale, ungamuuze bwanji kuti ndakuwonongani? A Tadao anawaperekeza pakhomo, nawerama, nangoyang'ana msewu uja ukukwera chitunda dzuwa likuwalapo.

A Fumie anali pambuyo pawo ndi tsache.

"Abambo, chikupita apocho n'chiyani?"

"Ndi mutu."

"Ndaona kuti ndi mutu. Ndikufunsa msewuwo. Mwaikamo ndi pokwerera basi?"

"Wina awauza kumtundako. Avala chipewa."

"Awauze ndani? Ana asukulu aja, amene amawerama ngakhale akuyankhula nawo pa foni?"

Mayiwa analasa. Zinadzamveka pambuyo pake kuti mlembi anauona msewuwo n'kusiyira ophunzira, ophunzira anasiyira wachiwiri kwa pulofesa, wachiwiriyo anaganiza kuti mwina ndi za kuchipatala ndipo si ulemu kufunsa. Mkulu wa yunivesite anayenda pambuyo pawo khonde lonse maso ali kudenga. Nyumba yodzaza ndi anthu otha kuona tinthu tosaoneka ndi maso, tsiku limenelo onse anachita khungu.

Masana a tsiku lotere a Tadao amapita pa kakachisi ka kuseri kwa msika kukapempherera mphoto. Anapitanso. Anagwedeza chingwe cha belu, nawomba m'manja, natsinzina. Anaona m'maganizo pulofesa atapambana, ataimirira, akuweramira dziko lonse, liwombo lili pa kamera. Anaona anthu akufunsana kuti wameta munthu wamkulu chonchi ndani.

"Chaka chino chokha iwadumphe," ananong'ona. "Tsitsi limamera. Chaka chamawa muwapatse."

Pobwerera anachita manyazi kwambiri moti anadutsa njira ya kuseri. Munthu amene mankhwala ake amasunga mtima wa a Fumie, iwo amupempherera tsoka chifukwa cha dzina la babashopu.

Dzuwa litapendeka, anthu akuweruka, anansi anadzaza mu babashopu monga amachitira chaka ndi chaka. A Gonda okonza njinga anabwera ndi botolo la mowa wa mpunga. A Fumie anatulutsa mpunga wofiira wa nyemba, wa pachikondwerero, umene amaphikiratu ndipo umadyedwa ndithu kaya mphoto yabwera kaya ayi.

"Tadao, wadwala?" anafunsa a Gonda. "Zaka zonsezi umatisokosa, lero uli ngati nkhuku yonyowa."

"M'mimba."

Pa kanema panatuluka mzungu wa tayi, nakonza mapepala ake. Mu babashopu onse anasendera kufupi ndi kanema. Ndipo a Tadao, amene masana omwewo anapempha zina, anapezeka ataimirira, atagwira mpando wometera, milomo ikuyenda yokha: Nabeshima, Nabeshima. Za msewu anali ataiwala. Ankangofuna kuti mkulu uja, amene wadikira mpaka kukalamba, amve dzina lake.

Mayina anatchulidwa, onse a kutali. A Tadao anakhala pansi. Ankayesa kuti mtima ukhala m'malo, koma anamva chisoni chenicheni, choposa zaka zina zonse.

Akudya mpunga, wailesi ya kanema ya mumzindamo inatembenukira ku holo ya yunivesite. A Nabeshima anaimirira, nayamikira opambanawo, nanena kuti ntchito yawo ndi yokongola. Kenako anapepesa atolankhani powataitsa nthawi chakanso chino, naika manja m'mbali, nawerama. Munthuyu ndi waulemu wakale, sawerama mwachidule. Msewu unadzaza kanema yense, woongoka bwino, magetsi akunyezimira pamenepo.

A Gonda anasiya kutafuna.

"Tadao, ndi sitayilo yatsopano imeneyi? Inenso ndiifuna, koma yanga ikhale ndi kona."

"Mumafuna ntchito yanu ioneke pa kanema, abambo," anatero a Fumie akuwawonjezera mpunga. "Yaoneka."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Tadao nawo anaseka pang'ono, poti akanatani, koma mumtima anali ataganiza kale. Mawa akapepesa, akabwerako atseka babashopu.

Kutacha anavala suti ya maukwati ndi maliro. Akumanga nsapato, chitseko chinatseguka. Anali a Nabeshima, opanda chipewa. A Tadao anawerama mpaka msana kulira.

"Aphunzitsi, ndilibe mawu. Ndinaona, ndipo sindinanene."

"Dzukani, bambo Hoshikawa, mungathyoke." Pulofesa anakhala pampando wake. "Mukudziwa mmene tsiku ngati lero limakhalira kwathu? Foni imangolira, aliyense kundipepesa ndi mawu a pamaliro. Akazi anga amayenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Koma dzulo ndikulowa ndinawapeza ali gone pamphasa, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Mu Okutobala sindinawamvepo akuseka. Lero foni ikulira, koma palibe watchula Sweden. A Kumagai akuti andipatsa utoto wawo kuti msewuwu uzioneka ndi usiku."

A Tadao sanaseke. Anatambasula dzanja lamanja pamaso pa pulofesa n'kulisiya kuti lidzinenere lokha. Linanjenjemera osabisa.

"Si ngozi ya tsiku limodzi, aphunzitsi. Ndikutseka."

Pulofesa analiyang'ana nthawi ndithu. Kenako anatulutsa lake m'thumba naliika pambali pa la a Tadao. Nalonso linkavina.

"Ine ndinasiya kalekale kuthira mankhwala m'mabotolo. Ndikagwira botolo ophunzira amathawira kukhomo. Koma labu sindinatseke, ndimachita zomwe zatsala." Anadzikoleka yekha nsalu m'khosi. "Inu mukatseka, mutu uwu ndiupereke kwa ndani? Kwa anyamata a pa siteshoni aja ometa munthu osamufunsa ndi dzina lomwe? Metani mpala. Pa mpala palibe cholakwitsa. Lumo lokha ndilo musandiyandikitse."

"Nanga chaka chamawa, pa kanema?"

"Adzaona mpala wa Hoshikawa."

A Fumie, amene ankamvetsera kuseri kwa katani, anatuluka n'kukatembenuza chikwangwani cha pakhomo kuti chiwerengeke kuti tatsegula. A Tadao anavula jekete, napinda malaya, napukuta m'maso ndi thaulo la makasitomala. Anagwira mashini ndi manja awiri nayamba kukulitsa msewu uja.