Nyemba za Phulusa

Ana anawapatsa dzina loti a Mizere, ndipo iwo sanalikane. Chiyambireni kuphunzitsa sitandade 3, salola mwana kuloweza samu ngati nyimbo.

"Kuchulukitsa si matsenga," amatero. "Ndi mizere basi."

Amandandalika timiyala pa desiki, mizere itatu ya timiyala tinayi, mwana n'kuwerenga. Kenako amamuimika mbali ina ya desikiyo. Mizere yasanduka inayi ya timiyala titatu, koma tonse tikadali khumi ndi tiwiri. Mwana akayasama kukamwa, tsiku la a Mizere lakoma.

Chaka china dzuwa litaphwetsa zitsime, mitambo ikungosonkhana masana n'kubalalika madzulo, timiyala tinawatopetsa chifukwa anyamata ankagendana nato. A Mizere analamula kuti mawa lake aliyense abwere ndi nyemba zodzaza dzanja. Wobwera chimanjamanja adzakhala panja.

Kachete, mtsikana wa kumbuyo amene sankakweza mkono, anabweretsa zambiri kuposa onse, zomanga pakansalu. Zinali zing'onozing'ono, zamawangamawanga, zotuwa ndi phulusa. Phulusalo a Mizere analiona. Anakulira kumudzi iwo, amadziwa kuti nyemba zothira phulusa ndi mbewu yoisungira mvula. Koma mtima wawo unali pa phunziro, ndipo anazigawira ana amene anali ndi zochepa.

Phunziro linayenda bwino. Kachete yemweyo ndiye anayamba kufuula, "Aphunzitsi, n'zofanana!" Belu litalira, nyemba zinali mbwee pansi, zina zopondedwa. Osesa anasesa n'kukataya kudzala, mbuzi n'kumaliza ntchito.

Mvula inagwa Lamulungu. Lolemba m'mawa, fungo la dothi lonyowa litadzaza kalasi, mayi wina anaima pakhomo, matope ali m'mapazi.

"Pepani aphunzitsi, ndakusokonezani. Ndine mayi ake a Kachete. Akuti munabwereka nyemba. Ngati mwathana nazo, ndimati ndikabzale chinyezi chisanathe."



"Zinali zambewu?" anafunsa a Mizere, ngati sakudziwa.

"Zonse zimene ndinasunga. Sindinam'menye ayi, wati munalamula ndinu. Mtundu umenewu ndinachoka nawo kwathu pokwatiwa. Umacha msanga, njala isanalume."

A Mizere, munthu wosasowa chonena, anayang'ana choko chili m'dzanja.

"Zinasesedwa, mayi."

Mayiyo anayang'ana simenti yosesedwa bwino ija, kenako mwana wake, amene anali atabisa nkhope pa desiki.

"Oo. Chabwino. Phunzitsani," anatero, n'kutembenuka.

Kunyumba kwa a Mizere, akazi awo sanawanyengerere. "Bambo a ana, inu mwana wa mlimi, kuitanitsa nyemba mitambo ili chonchi? Chaka chamawa mudzawauze abwere ndi mbuzi, muziwerenga miyendo."

A Mizere sanaseke. Anazungulira msika wonse kufunafuna zamawangamawanga, koma kunali zofiira zazikulu zokhazokha. Anagula zomwezo.

Anawapeza mayi aja kumunda, Kachete akuwathandiza kuzula udzu umene unali utayamba kale kumera. Minda ya anzawo inali itabzalidwa. Wawo unali wolima bwino, dothi lofewa, likungodikira.

Mayiyo anapukuta manja pansalu, nalandira thumba lija ndi manja awiri. A Mizere akanakonda atawatukwana. Koma mayiyo anatola nyemba imodzi, naitembenuza pachikhatho.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi, mwavutika. Izi zimachedwa kucha, kuno sizichita. Koma tiphika, ana adya."

"Nanga mundawu?"

"Ndiona. Mwina ndikapempha mbewu ya mbatata kwa alamu anga." Anatembenukira mwana uja. "Iwe, ukungoyang'ana? Aperekeze aphunzitsi ako, njira yaterera."

"Ayi ayi, musavutike, ndikuidziwa," anatero a Mizere.

Anadutsa m'mphepete mwa mundawo okha, matope akulemera kunsapato, osatembenuka.