Kandidato Mmodzi, Nkhope Zitatu

Moni nonse.

Lero mu chapa yopita ku Ulongwe amalume Fabiyao alengeza kuti chipani chawo chakale achisiya. Akuti kandidato wina amawadziwa bwino, poti tsiku lililonse amatulukira pa telefoni yawo atanyamula khasu, akudandaula za mtengo wa kachewere. Chonsecho amalume omwewa ndiwo amalira za kachewere pa intaneti kutacha, kutada!

Azakhali Rozina, akwaya aja, atulutsa telefoni yawo. Munthu yemweyo, koma atagwada, korona ili m'manja. Ine wokonda mpira ndatsegula yanga. Wavala kamizola ya timu yathu, mimba ikusuzumira panja.

Amalume angoti, "Wanga ndi wakhasuyo, enawo sindikuwadziwa."

Abale, tivotere uti mwa atatuwa?