Quarantine, Liwu Limene Ndinkawinira

Zilembo zonse za Chingerezi ndinazizolowera msanga, kupatula q. M'chinenero chathu mulibe, ndipo ana amene ndinkaphunzitsa pamishoni ku Nkhotakota ankachilemba ngati p woyang'ana kumbuyo. Koma Lamlungu masana, tikatuluka m'tchalitchi, aphunzitsife tinkakhala pakhonde n'kumapikisana nacho. Lamulo linali lakuti utchule liwu lalitali lokhala ndi q, unene zilembo zake, kenaka tanthauzo. Wolephera ankakatunga madzi a tiyi.

Ine sindinkatunga. Mkazi ndinalipo ndekha, ndipo kugonja ndinkadana nako ngati nsikidzi. Wina akati equipment, zida zogwirira ntchito, ine ndinkaponya acquaintance, munthu amene mumangopatsana moni koma simungabwerekane mchere. Limene linkawagonetsa onse linali quarantine. Ndinkalimasulira mwamatama, mutu uli m'mwamba: kutsekera anthu pamalo amodzi kuti nthenda isafalikire. Ndinkalikonda liwulo mmene linkamvekera pakamwa.

Chaka china amuna anga ankagwira ntchito ya ukalipentala kummwera, ndipo uthenga unafika woti akubwera pa sitima yapamadzi yotsatira. Tsikulo ine ndi apongozi anga, mayi awo, tinatsikira kudoko dzuwa lili paliwombo. Sitima inkaima patali chifukwa madzi ndi osaya, anthu n'kumabwera kumtunda pa boti. Tinadikira, koma boti silinatsitsidwe. Pamlongoti pankapepeluka mbendera yachikasu.

Kalaliki wapadoko anatuluka ndi mzungu wakuchipatala, akuyankhulana Chingerezi chapansipansi. Ndinatolapo liwu limodzi lokha: quarantine.

"Akuti chiyani, mwananga?" apongozi anandifunsa. "Si iwe umamva za azunguzi?"

"Akuti palibe wotsika, Mayi. M'sitimamo muli matenda."

"Matenda anji?"

"Sindinamve."

"Nanga wodwalayo ndani?"

"Liwulo silinena zimenezo, Mayi."

Anandiyang'ana ngati ndawabisira china. "Ndiye Chingerezi chakocho n'cha ntchito yanji?"

Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinapsa mtima, koma osati ndi iwo.

Patapita nthawi boti linabwera ndi matumba a makalata okha. Silinagunde mchenga. Opalasa anaima kumene madzi amalekeza m'chiuno n'kumaponya matumbawo, amesenjala a boma akubweza anthu ndi ndodo. Mmodzi wa opalasawo anali wa ku Liwaladzi, ndipo mwana wake anali m'kalasi langa. Ndinalowa m'madzi ndi diresi langa la kutchalitchi mpaka ndodo inanditsekera pachifuwa.

"Bambo, ndi matenda anji?" ndinakuwa.

"Nthomba, aphunzitsi."

"Amuna anga mwawaona?"

Anayang'ana nkhafi yake, osati ine. Ndinafunsanso, apongozi atagwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa.

"Dzulo anamwako madzi pang'ono," anatero, n'kuyamba kupalasa chobwerera.

Apongozi sanafune womasulira. Anakhala pansi pomwepo, m'madzi, chitenje chikuyandama. Tinakhala choncho mpaka sitima inakoka nangula n'kulowera kumpoto. Ndinayang'anitsitsa anthu amene anatsamira pazitsulo zam'mbali, ndikuyembekeza dzanja limodzi lolozera kwa ine. Panali patali, ndipo onse ankafanana.

Amuna anga anawatsitsira kumpoto komweko, pa gombe limene sindinalipondepo mpaka lero, ndipo anawaika anthu osawadziwa. Ife kuno tinakhuza maliro opanda mtembo.