Chinangwa Mupaipi ya Utsi

Lero ku Shawlands, kuno kwa azungu kumene ndinakulira, landidutsa fungo la petulo wosapsa bwino, ndangoyamba kuseka ndekha.

Ndinali ndi zaka khumi. Amalume anali ndi chigalimoto chakale cha ku America, chofiira, cha masilinda eyiti. Aneba athu, mzungu wadazi, anali ndi chakuda, chainjini yaikulu kuposa pamenepo.

"Yanuyo ndi yongobangula, yalemera," ankatero amalume. "Yanga ponyamuka siifunsa."

Anapangana kuti wochedwa kufika pamaloboti adzatsuka galimoto ya mnzake mwezi wathunthu. Koma kwathu wamkulu akagonja, wonyamula chidebe ndi mwana. M'chisanu cha kunochi, ine? Ndinaba chinangwa kukhitchini n'kuchikanikiza mupaipi ya utsi ya anebawo kuti injini itsamwe.

Sindinkadziwa kuti mapaipi alipo awiri. Tsiku la mpikisano, injini inalira bwinobwino, mpaka pansi kunjenjemera. Kenaka phuu, chinangwa chinafwamphuka n'kuswa nyali ya galimoto ya amalume, omwe anaimika kumbuyo. Mpikisano unafera pomwepo.

Amalume anatola kachidutswa n'kununkhiza.

"Msewu wonse uno, amadya chinangwa ndani?"

Ine ndili kuseri kwa bini, nditaluma kolala ya juzi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.