Ndodo yako m'madzi a Domasi

Lero mtsinje wa Domasi wadzaza, ndiye ndakukumbuka, Fanuel mwana wanga. Ndiwe unandiuza, m'ma 1990 muja utabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, kuti ukulemba pulogalamu yoti kompyuta iziwerengera kuti chinthu chikusintha mwachangu bwanji. Ndinati tandionetsa. Tinatsikira kudimba mtsinje ukudzaza, iwe n'kuzika ndodo m'madzi, n'kuika chizindikiro, n'kudikira pang'ono, n'kuikanso china. "Ababa, kusiyanaku tigawe ndi nthawi tadikirayi. Mukadikira kwambiri, yankho limanama. Mukafulumira, diso siliona kusiyana."

"Nanga ndodo yakoyo ikuti chiyani?"

"Ikuti tichotse mbuzi kudimba kuno."

Tinazikweza kumtunda tikunyowa. M'mawa mwake khola la kudimbalo linali litapita ndi madzi, ndodo yako yomwe. Zidzukulu za mbuzizo zikudya panja pano, mwanawe. Iwe ndiye kulibe.