Bere Langa la Kumanzere ndi Chitenge cha Bana Mwila

"Amake Chisomo, nanga bele ya kumanzele musungila ndani?"

Anandifunsa choncho ndi Bana Mwila, mayi wa khomo loyandikana ndi langa, tili pampopi m'mawa wa Lachinayi. Anali ataona kuti kwa masiku awiri mwana ndinkamuyamwitsa kumanja kokha. Azimayi ena anaseka, inenso ndinaseka, ndikuyankha kuti ndikusungira Khirisimasi. Koma pansi pa bulauzi bere lija linali litalimba ngati papaya wosapsa, ndipo ndikawerama kuti ndinyamule ndowa ndinkamva ngati wina akulikoka ndi waya.

Timakhala ku Kanyama, m'nyumba ya zitseko zinayi zondondozana. Khoma lathu ndi la Bana Mwila linali limodzi. Iwo anabereka mwana wamwamuna, Mwila, masiku asanu ine ndisanabereke Chisomo, mwana wanga woyamba. Ndinene zoona, chifukwa popanda ichi nkhani yanga siimveka: ndinkawachitira nsanje. Chaka chimenecho magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Amuna anga amawotcherera mageti, ndiye magetsi akapita ntchito yapita. Amuna a Bana Mwila amagulitsa malasha, makala ophikira aja, ndiye kuzima komwe kunkatiwondetsa ife kunkawanenepetsa iwo. Kwawo kunkanunkhira nsomba yokazinga. Ankakhala pakhonde akukukuta chinangwa chootcha ndi mtedza umene kuno timati nshawa, mkaka ukudontha wokha mpaka kunyowetsa chitenge, mwana akumeza mochita kumveka kukhomo kwanga. Ine wanga akagwira nsonga ya bere ndinkaluma mlomo.

Chizindikiro choyamba chinali kung'aluka kwa nsonga ya bere la kumanzere, Chisomo ali ndi sabata imodzi. Akayamwa pankatuluka timagazi. Apongozi anga, amene anachokera ku Katete kudzandisamalira, anati mwana woyamba ndi mmene amachitira, ndipirire. Ndinapirira. Kupirira ndimakutha.

Lachiwiri, mwana ali ndi masiku khumi ndi awiri, kunamveka kuti pa shopu ina kufupi ndi msika pafika unga wotsikirako mtengo, thumba limodzi munthu mmodzi. Amuna anga anali atalawirira kukafuna ganyu, ndipo apongozi miyendo imawavuta. Ndinamuyamwitsa Chisomo, ndikumusiya, ndikuganiza kuti ola limodzi ndabwera. Ndinabwera dzuwa litapendeka, dzuwa la Okutobala, thumba pamutu, mabere atadzaza mpaka kukhwapa.

Nditati nditenge mwana, apongozi anandigwira mkono. Anati mkaka umene wayenda padzuwa wasasa, mwana angatsegule m'mimba. Bere la kumanja anandiuza kuti ndilitsuke ndi madzi ozizira, ndifinyire pansi mkaka woyamba, kenako ndiyamwitse. La kumanzere, poti linali ndi bala, anati lipume kufikira litapola. Sindikuwanena apongozi. Anachita zimene nawonso anaphunzitsidwa, ndipo ine ndinakondwa kuti munthu wamkulu wandilola kuthawa ululu.

Masana a Lachinayi lija la pampopi, Bana Mwila anabwera pakhomo panga ndi thaulo ndi madzi ofunda m'beseni. Anati bere lotupa limafuna mwana, osati kupuma, ndipo ngati ndikuopa andiperekeza ku kiliniki. Ndinawayankha kuti m'nyumba ndili ndi apongozi, mphunzitsi sindikumusowa. Chimene sindinanene n'chakuti sindinafune kuti aone bere langa long'aluka, iwo amene awo ankakwana ana awiri. Anatenga beseni lawo n'kubwerera.

Lachisanu mbali ya bere yakukhwapa inafiira ndipo inkatentha. Loweruka ndinayamba kunjenjemera, ndinafunda mabulangete awiri anthu akudandaula kutentha. Mutu unkawawa, mafupa onse kuphwanya, ndinkaganiza kuti ndi malungo. Lamlungu munatuluka chotupa ngati dzira, khungu likunyezimira, ndipo mkono sindinkatha kuukweza. Ku kiliniki ndinapita Lolemba, patatha masiku asanu ndi limodzi bere lisanayamwidwe.

Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma leveni. Anesi atandiyeza kutentha kwa thupi ndi kugwira chotupa chija, anandifunsa tsiku limene ndinasiya kuyamwitsa. Nditawauza anapukusa mutu.

"Mukanabwera Lachinayi, makapusozi ndi mwana yemweyu zikanakuchizani. Tsopano muli mafinya mkati, pafunika kutumbula."

Anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Mu minibasi ndinagwirizira bere ndi manja awiri, ndipo dzenje lililonse la mumsewu ndinalimva.

Kuchipatala tinadikiranso mpaka madzulo. Adokotala analowetsa singano, m'jekeseni munadzaza mafinya achikasu, ndipo anati andigoneke poti thupi linali litatentha kwambiri. M'mawa mwake ananditumbula pafupi ndi pakuda pa bere, n'kuika nsalu yopyapyala mkati mwa bala kuti mafinya azituluka. Wodi inali yodzaza, ena akugona pansi, ambiri akutsokomola. Asisita anati khanda la masabata osakwana atatu lisagone mmenemo. Apongozi anabwerera naye Chisomo ku Kanyama, ine anandipatsa kapu kuti ndizifinyiramo bere la kumanja pafupipafupi kuti mkaka usaphwe. Panalibe woti azitengera mkakawo kunyumba tsiku ndi tsiku. Ndinkaufinya, ndikuuyang'ana, n'kukauthira m'sinki.

Masiku a m'wodi amafanana. M'mawa kuyeza kutentha, mankhwala olowera pamkono, phala, kenako kutsuka bala. Kutsuka balako ndiko ndinkakuopa: kusolola nsalu yadzulo, kuthiramo madzi amchere, kulowetsa ina. Ndinkagwira chitsulo cha bedi n'kuyang'ana denga. Amuna anga anabwera katatu, wapansi kuchokera ku Kanyama. Ndikafunsa za mwana ankangoti ali bwino, akumwa. Ndinaganiza kuti apeza mkaka wa m'chitini, ndipo sindinafunse kuti aupeza bwanji.

Ananditulutsa Lamlungu, nditagona masiku asanu ndi limodzi. Nditakhota pakona ya nyumba yathu ndinawapeza Bana Mwila atakhala pamphasa pakhonde, Mwila wawo kumanja, Chisomo wanga kumanzere. Masaya ake anali atatuluka. Kadzanja kake kanali katagwira bulauzi yawo monga mmene kankagwirira yanga.

Amuna anga anafotokoza ali chiimire. Tsiku loyamba mwana analira mpaka mawu kusasa, apongozi akumupatsa madzi a shuga ndi supuni. Chitini anakachifunsa, sanachikwanitse. Ndiye Bana Mwila analowa okha m'nyumba, anaika patebulo khadi lawo la kusikelo losonyeza kuti anayezedwa magazi ndipo alibe kachilombo, n'kunyamula mwana. Apongozi anawonjezera, mokondwa ndithu, kuti kamwanaka kamwetulira kale, kamwetulira Bana Mwila Lachisanu.

Munthu wabwino akanagwada n'kuthokoza. Ine ndinamuchotsa mwana pabere lawo asanamalize, popanda moni.

"Muli naye wanu. Wanga musiyeni."

Anangokonza bulauzi yawo.

Chisomo anandikana. Ndikamuika pabere la kumanja ankanunkhiza, n'kutembenuza mutu, n'kupinda msana, n'kulira. Mkaka wanga unkatuluka pang'onopang'ono, iye anali atazolowera mpopi. Ndinkamufinyira m'kapu n'kumumwetsa, koma zotulukazo zinali zochepa, ndipo tsiku lililonse zinkacheperachepera. Ndikapita ku kiliniki kokatsukitsa bala, anesi ankandionetsa kagwiridwe: mimba yake pamimba panga, adikire ayasamule kwambiri, alowetse pakuda ponse osati nsonga yokha, chifukwa kuyamwa nsonga yokha ndiko kunang'alula bere poyamba paja. Anati ndizimugoneka pachifuwa opanda malaya ndipo ndizimuyesa kawirikawiri. Za kuyamwa kwa mayi wina anati zinayenda bwino poti anali woyezedwa, koma si zoyenera kuchita popanda kufunsa kuchipatala. Anandiuzanso mosabisa kuti mwana akapitiriza kukana, mkaka uphwa.

Ndiye nkhani inali yoonekeratu. Chitini sitikanakwanitsa. Mkaka wanga ukaphwa, Chisomo akanakulira kuseri kwa khoma, ine n'kumangochapa matewera. Akalira, ndinkaona apongozi akuyang'ana khoma lija. Amuna anga nawonso ankaliyang'ana. Kuseriko ndinkamva Mwila akumeza, mayi ake akuimba kanyimbo ka Chibemba, ndipo Chisomo akamva mawu awo ankaleka kulira n'kumvetsera. Bala la mpeni silinandipweteke ngati kumvetsera kumeneko.

M'mawa wa tsiku lachitatu chibwerereni kuchipatala kunamveka kugogoda. Sindinatsegule. Bana Mwila analankhulira kunja.

"Amake Chisomo, nasiya chitenge pa chitseko. Sininachichape. Vikani pa chifuba, mwana aziba fungo, saziba nkhope. Ine nayenda ku malasha na Mwila, nizabwela mazulo."

Nditatsegula ndinachipeza chitakolekedwa pachogwirira, chitenge chobiriwira chamaluwa achikasu chomwe ankayamwitsira. Chinkanunkha mkaka, utsi wa mbaula ndi mafuta awo odzola. Ndinachiponya pampando, chinakhala pamenepo mpaka masana. Chisomo atalira mpaka pakamwa kuuma, ndinachitenga, ndinachiyala pachifuwa n'kusiya bere lokha poyera, ndinamugwira monga anandionetsera anesi. Ananunkhiza, anayasamula, n'kugwira. Anayamwa mpaka tulo.

Apongozi anaomba m'manja. Ine misozi inkagwera pachitenge cha eni ake, ndipo sinali ya chimwemwe yokha. Mwana wanga ankandiyamwa poganiza kuti ndine munthu wina.

Masiku anayi otsatira Bana Mwila ankachoka m'mawa n'kukakhala kogulitsa malasha mpaka madzulo, padzuwa ndi fumbi lakuda, ndi khanda lawo. Nthawi imeneyo ndinkati akudzionetsa kuti ali ndi bizinesi. Ndinamvetsa mochedwa kuti ankathawa pakhomo dala, kuti mwana akalira pasapezeke womunyamula kupita naye kwa iwo. Patatha sabata ndinayesa popanda chitenge, Chisomo anayamwa bwinobwino. Mkaka unabwerera, ndipo bere la kumanja linayamba kudontha lokha.

Bala linatenga masabata asanu kuti litseke. Anesi ankati ndiyambenso kuyamwitsa kumanzere likali kupola, ndipo ambiri amayamwitsanso konsekonse. Ine ndinachita mantha, ndinazengereza, ndipo pamene ndinkayesa, mkaka unali utachepa ndipo mwana analikana. Linaphwa. Akuti ndikadzabereka wina likhoza kudzagwiranso ntchito.

Chitenge ndinachichapa, ndinachisita, n'kuchipinda. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikabweza ndi mawu abwino. Pampopi tinkapatsana moni wamba. Ndikafuna kuyamba, ndinkaona Chisomo akutembenukira mawu awo ali kumbuyo kwanga, n'kungosenza ndowa yanga kubwerera kunyumba. Mvula isanayambe, malasha anawapezera nyumba ya zipinda ziwiri ku Matero. Galimoto itabwera kudzatenga katundu, apongozi ndi amuna anga anatuluka kukathandiza kunyamula. Ine ndinaonera pawindo, chitenge chili m'manja. Ndinamva Bana Mwila akufunsa amuna anga ngati Chisomo wagona. Anawauza kuti wagona. Chisomo anali maso.

Lero Chisomo ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Akukhala yekha, akudya phala la nshawa, ndipo kusikelo mzere wa pakhadi lake ukukwera. Ine ndili bwino. Thupi silinatenthenso, mkono ndimaukweza, madzi ndimatunga. Patsala chipsera chotalika ngati chala chaching'ono, ndipo bulauzi imapendekera mbali imodzi.

Kwa mayi mnzanga amene ukuyamwitsa, ndikuuze zimene ndinaziona ndi thupi langa. Nsonga ikang'aluka, pita ukaonetse mmene mwana akugwirira. Bere likalimba usalipumitse, yamwitsa kapena finya, ngakhale wachokera padzuwa. Mkaka susasa uli m'thupi mwako, ndi mmene anandiuzira anesi. Likafiira, kapena ukayamba kunjenjemera, pita ku kiliniki tsiku lomwelo, usadikire Lolemba. Ndipo wobwera ndi beseni la madzi ofunda umutsegulire, ngakhale kwawo kukununkhira nsomba kwanu kulibe.

Nambala ya Bana Mwila ili m'foni ya amuna anga. Sindinaimbebe. Chitenge chili pansi m'sutikesi.

Ndinapita kukapulumutsa thumba limodzi la unga, ndipo linatha m'masabata atatu. Ndinataya mkaka wa bere limodzi, masiku asanu ndi limodzi a mwana wanga, kumwetulira kwake koyamba, ndi mnzanga wa khomo loyandikana.