Amalume abweza mpira

Salaam aleikum nonse. Tangofika kumene kwathu ku Silver Spring kuno ku America kuchokera ku masewero a baseball, koma m'nyumba muno muli zii.

Mukuwadziwa amuna anga, bambo a Shakira, ndi timu yawo yongoluzayi. Chitsegulireni bwalo latsopanoli matikiti anakwera mtengo, koma iwo amapitabe, gulovu kumanja, akuti tsiku lina adzawakha mpira. Kunotu mpira ukagwera kwa oonerera ndi wako, umapita nawo kwanu.

Lero tinawatenga amalume Chande, amene abwera dzana kuchokera ku Mangochi. Wa timu inayo anamenya mpira, uwo, mpaka pamiyendo pa amalume! Bambo a Shakira akuti atambasule dzanja, amalume aimirira kale, auponya m'bwalo. Ati, "Anzanu akusewera, mukufuna masewero aime?"

Anthu m'manja, makuwa! Pajatu kuno kubweza mpira wa adani ndi kuwanyoza. Amalume anavula chisoti n'kumakupiza uku ndi uku.

Mu sitima ya Metro njira yonse amalume amvekere, "Azungu amalemekeza munthu wokhulupirika." Bambo a Shakira maso ali pawindo basi.

Ndiye abale, tiwauze zoona amalumewa kapena tiwasiye? Yankhani msanga, chifukwa akuti Loweruka tipitenso, ndipo akufuna kubwereka gulovu ija.